Mayi Nakoma Anakana Kusaina

A Perpetua Nakoma anagwira ntchito yochapa pa loji ya Kamphepo, pamwamba pa phiri la Zomba, kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anabadwira ku Mayaka. Makolo awo anachokera ku Mozambique, ndipo pakhomo ankayankhula Chilomwe akafuna kuti ana asamve. Sukulu analekezera Sitandade 5, chaka chimene bambo awo anamwalira. Atakula anabwera m'tauni kudzalera mwana wa mphunzitsi wina, ndipo ntchitoyo itatha anayamba kugulitsa sitiroberi m'mphepete mwa msewu wokwera kuphiri.

Kumeneko ndi kumene anadziwana ndi a Yakobo, amene ankasamalira maluwa ndi kuwaza nkhuni pa loji ija. A Yakobo anali munthu wofatsa, wosachulutsa mawu. Sanagulepo sitiroberi ngakhale mbale imodzi, koma podutsa m'mawa ankaima n'kunena kuti, "Lero kuli azungu asanu, musatsitse mtengo." Anamanga ukwati kutchalitchi cha Katolika, n'kupeza nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri ku Mbedza. Mu 2006, mwana wawo Rejoice atangosiya kuyamwa, kuloji kunafunika wochapa, ndipo a Yakobo anawapemphera akazi awo malowo.

Kuyambira pamenepo ankakwera phiri awiriwiri, kudzera njira yachidule ya m'mapaini, ulendo wa maola awiri. Madzi a kuphiri m'mwezi wa Juni amaluma. Zala za a Perpetua zinkang'ambika mpaka kutuluka magazi, koma nsalu zogonera zinkatuluka zoyera mbee, ndipo sanajombepo popanda chifukwa.

Mu 2012, lamulo la penshoni litayamba kugwira ntchito, manijala wa lojiyo, a Raymond, anaitana antchito onse m'chipinda chodyera. Aliyense anapatsidwa kontirakiti ya masamba anayi, yolembedwa m'Chingerezi. A Raymond anafotokoza kuti pa K100 iliyonse ya malipiro azidulapo K5, loji iziwonjezerapo K10, ndipo zonsezo zizitumizidwa mwezi ndi mwezi ku kampani yosunga penshoni ku Blantyre. Panalinso inshuwalansi ya moyo: munthu akamwalira ali pantchito, banja lake lidzalandira malipiro a chaka chathunthu. Antchito anawomba m'manja. A Yakobo anapinda makontirakiti awiriwo n'kuwaika m'jumbo, ndipo mwezi uliwonse ankawonjezeramo timapepala ta malipiro.

Matenda a korona atafika mu 2020, alendo anasiya kubwera. Antchito ankalandira theka, mwina mochedwa ndi milungu itatu. Koma pa kapepala kalikonse mzere wa penshoni unalipo, wodulidwa bwinobwino. Tsiku lina a Perpetua anadandaula kuti bola akanasiya kudula, anthu apezeko ya ufa.

"Zimenezo n'zathu, amake Rejoice," anatero a Yakobo. "Zikungotidikira."

Mu Juni 2023 a Yakobo anayamba kutsokomola. Anapitirizabe kukwera phiri kwa mlungu wathunthu, mpaka tsiku limene analephera kudzuka. Kuchipatala anati ndi chibayo. Anagonako masiku anayi n'kumwalira.

Loji inatumiza K30,000 ya chipepeso. Anthu a m'limana, gulu la akhristu a m'dera lawo, anasonkha ufa ndi nyemba. Koma bokosi ndi galimoto yonyamula maliro kupita kwawo kwa malemuwo ku Thondwe zinkafuna ndalama tsiku lomwelo. A Perpetua anapita kwa a Cuthbert, wa katapila wa kumsika, n'kutenga K120,000, yoti azibweza ndi theka pamwamba mwezi ukatha. Sanachite mantha. Ankadziwa kuti a Yakobo ankalandira K75,000 pamwezi, ndipo Rejoice, amene anali Fomu 3, anawawerengera kuti ya chaka chonse ndi K900,000.

Patatha milungu itatu anakwera minibasi ya ku Blantyre pamodzi ndi Rejoice, atanyamula jumbo lija ndi chikalata cha imfa. Ku ofesi ya penshoni anawalandira bwino. Mtsikana wa pakauntala analemba nambala ya a Yakobo pakompyuta.

"Amayi, abambowa anasiya ntchito liti?"

"Sanasiye. Amwalira ali pantchito."

"Ndalama yomaliza imene lojiyi inatumiza kuno ndi ya Malichi 2020. Kuchokera pamenepo sitinalandire kalikonse."

A Perpetua anamasula jumbo n'kuyala timapepala pakauntala, tambirimbiri, tina titafiira. "Onanitu apa. Amadula. Mwezi uliwonse amadula."

"Ndikuona, amayi. Kudula ankadula, koma kuno sizimafika. Tinawalembera makalata kangapo."

"Nanga ya imfa ija?"

Mtsikanayo anatsitsa mawu. Anati inshuwalansi ya moyo imagwira ntchito ngati ikulipiridwa, ndipo ya antchito a ku Kamphepo inatha mphamvu kalekale. Zimene zinalipo ndi zimene zinasonkhedwa kufikira Malichi 2020, pafupifupi K260,000, ndipo zidzatuluka mapepala akayenda. A Perpetua anapempha kuti awaonerenso nambala yawo. Zinali chimodzimodzi.

Anatuluka panja n'kukhala pansi pakhonde la ofesiyo, osalira. Anthu ankawalambalala. Rejoice ndi amene anawagwira dzanja mpaka ku siteji.

M'minibasi yobwerera, atadutsa Namadzi, Rejoice anatulutsa kontirakiti ya bambo ake n'kuyamba kuwerenga, chala chili pamzere. Atafika tsamba lachitatu anawagwedeza mayi ake.

"Amama, tamverani izi. Ndime 11. Akuti bwana akalephera kutumiza ndalama za penshoni, ayenera kumuuza wantchito polemba kalata, ndipo alipire zonse pasanathe masiku makumi asanu ndi limodzi, ndi chiwongola dzanja pamwamba. Ndiye pansipa akuti wantchito akamwalira inshuwalansi isakulipiridwa, bwanayo alipire yekha ndalama zonse zimene inshuwalansi ikanapereka."

"Wawerenga bwino?"

"Ndawerenga kawiri."

"Werenganso."

M'mawa mwake a Perpetua anakwera phiri okha n'kulunjika ku ofesi ya a Raymond. Anagwada pakhomo monga mwa chizolowezi, koma pepala analigwira ndi manja awiri.

"Abwana, ndinapita ku Blantyre."

A Raymond anavula magalasi n'kupukuta maso. Sanakane. Anati nthawi ya korona mwini loji, amene amakhala ku Lilongwe, analamula kuti ndalama za penshoni azilipirira magetsi ndi malipiro, poganiza kuti adzabweza zinthu zikakhala bwino. Zinthu sizinakhale bwino.

"Ngakhale yangatu, Mayi Nakoma, sinapite. Tili m'madzi amodzi."

"Inu amuna anu sanamwalire, abwana. Pali ndime 11 apa."

"Ndikuidziwa. Ndikawauza eni ake. Lezani mtima, dikirani."

Anadikira miyezi iwiri. Mwezi uliwonse a Cuthbert ankabwera kunyumba pa njinga yamoto, ndipo ngongole inali itafika K270,000. Ulendo wachiwiri anatenga wailesi ndi matiresi. Ndalama ya ku Blantyre itatuluka, yonse inathera kwa a Cuthbert tsiku lomwelo, ndipo a Perpetua anawonjezera K10,000 ya malipiro awo kuti nkhaniyo ithe.

Kumayambiriro kwa Seputembala antchito anaitanidwanso m'chipinda chodyera. A Raymond anaimirira ndi mulu wa mapepala. Anati kampani yakale ikutsekedwa, ndipo loji tsopano iziyendetsedwa ndi kampani ina, ya mlamu wa mwini wake. Ntchito ipitirira kwa aliyense amene asaine kontirakiti yatsopano pofika Lachisanu. Aliyense wosaina alandira K50,000 pamanja. A Perpetua, poti ndi ofedwa, alandira K150,000.

Anapita nalo pepalalo kunyumba. Rejoice anawerenga atakhala pakhonde, dzuwa lisanalowe.

"Ndime 11 ija mulibemo, amama. M'malo mwake muli ina. Akuti wosaina akuvomera kuti kampani yakale kapena yatsopano ilibenso mangawa alionse kwa iye, kaya a penshoni, kaya a inshuwalansi, ndipo sadzakasuma kulikonse."

"Ndiye kuti ya abambo ako ithera pa K150,000?"

"Eya. Ndi yanunso."

Lendi inali itatsalira miyezi iwiri. Fizi ya Fomu 4 inkafunika mlungu wotsatira. M'nyumba munali ufa wa masiku atatu. A Perpetua anakhala masiku awiri akuchapa osadya, mutu ukuzungulira.

Lachinayi masana mnzawo wochapa naye, a Zuleka, anawapeza kuseri kumene amayanika zovala. A Zuleka anali mayi wa Chiyao wa ku Chikamveka, wolera adzukulu anayi, ndipo anali atasaina kale.

"Achemwali, sainani. Amenewa ali ndi maloya. Inu muli ndi ndani? Mukakana, Lolemba mudya chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye bwanji?"

"Bambo aja anadwala mlungu wathunthu akukwerabe phirili kuti asadulidwe tsiku. Ine ndikalembe dzina langa kuti sanagwire kanthu? Dzanja likukana, a Zuleka. Ndayesa."

Lachisanu a Raymond anawaitana, envelopu ili patebulo, cholembera pambali pake.

"Mayi Nakoma, ndikukuuzani ngati mlongo wanu. Kampani yakale ilibe kanthu. Mukapita kukhoti mudzatha zaka. Tengani izi."

A Perpetua anayang'ana envelopuyo. Anati pambuyo pake kuti ankaiona ngati ikupuma. Anaganiza za a landilodi, za nsapato za Rejoice zong'ambika kuphazi. Kenako anabweza manja kumbuyo.

"Pepani abwana. Sindisaina."

Mwa antchito makumi awiri ndi atatu, amene anakana ndi iwo okha. Anasiya yunifomu pa mpando n'kutsika phiri dzuwa likadali pamutu.

Lolemba anapita ku ofesi ya leba. Anakumana ndi a Modester, mayi wachikulire wogwira ntchito pamenepo, amene anawerenga makontirakiti onse awiri modekha, n'kuwerengera pamodzi: ya imfa, ya penshoni ya a Yakobo ndi ya a Perpetua, zonse zinakwana K1,600,000.

"Mwachita bwino kusasaina," anatero a Modester. "Ndime iyi ndi yolimba. Koma ndisakunamizeni, mayi. Pepala kulimba ndi kwina, ndalama kutuluka ndi kwina."

Anawalembera eni loji kalata yowaitana. Tsiku loyamba sanabwere. Lachiwiri anatuma uthenga kuti loya wawo wadwala. Lachitatu kunabwera a Raymond okha, opanda mphamvu yolonjeza chilichonse. Nkhaniyo inatumizidwa ku khoti loona za ntchito, ndipo kumeneko anapeza mzere wa milandu ya anthu ena ambiri.

Mu Okutobala a landilodi anawatulutsa. Anasamukira ku Zakazaka, m'chipinda chimodzi chodontha, kuseri kwa shabini. Rejoice anapita kusukulu milungu isanu n'kubwezedwa chifukwa cha fizi, ndipo tsiku lolipira mayeso linadutsa ali pakhomo. Sanadandaule pamaso pa mayi ake. Anayamba kuchapa zovala za ana asukulu a ku yunivesite, ndowa imodzi K500.

A Perpetua anafunsa ntchito m'maloji atatu. Kwina anawauza poyera kuti anamva zoti ndi mayi wa milandu. Mapeto ake analowa m'gulu la amayi otola nkhuni kuphiri. Ankakwera m'mamawa, kutola nthambi zotsala kumene adula mapaini, kumanga mtolo wautali kuposa iwo eni, n'kutsika nawo pamutu mpaka m'tauni. Mtolo umodzi unkagulidwa K2,500, tsiku labwino K3,000. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Mvula ikagwa njira inkaterera, ndipo mu Januwale anagwa n'kubinya bondo. Anagona masiku asanu ndi anayi. Masiku amenewo ankadya kamodzi, phala lopanda shuga, ndipo tsiku lina anamuuza Rejoice kuti apite kuloji akafunse ngati envelopu ija ikadalipo.

"Mukunena zoona, amama?"

"Pita."

Rejoice anapita. Anabwerako madzulo, matope mpaka m'mawondo. A Raymond anati nthawi ya envelopu inatha, ndipo popeza nkhani ili kukhoti, sangayankhule kanthu. A Perpetua anatembenukira kukhoma n'kulira, koyamba chimwalirireni amuna awo.

Mlandu unalowa mu Ogasiti 2024. Loya wa eni loji ataona kontirakiti yakale ndi timapepala ta malipiro ta zaka khumi ndi chimodzi, osasowa ngakhale kamodzi, anapempha kuti akambirane panja. Anati kampani yakale ivomera ngongole yonse, koma izilipira pang'onopang'ono, K200,000 pamwezi kwa miyezi isanu ndi itatu. Anatulutsa pepala lokonzeratu.

A Perpetua anamupatsa Rejoice kuti awerenge, ndipo atamva zonse anafunsa funso limodzi.

"Nanga akadumphitsa mwezi?"

"Sadumphitsa, mayi," anatero loyayo.

"Ku Blantyre anadumphitsa miyezi makumi atatu ndi isanu ndi inayi. Mulembepo chimene chidzachitike."

A Modester, amene anabwera kudzachitira umboni, anathandiza kukonza mawu ake. Analemba kuti mwezi umodzi ukadutsa osalipira, pakatha masiku khumi ndi anayi ngongole yonse yotsala idzafunika nthawi imodzi, ndipo khoti lidzalola kulanda katundu wa kampaniyo popanda kuyambanso mlandu. Loyayo anatuluka kukaimba foni, anakhalako theka la ola, n'kubwera kudzavomera. A Perpetua anasaina. Analemba dzina lawo lonse, pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi.

Ya Seputembala inabwera. Analipira lendi ya miyezi itatu, n'kumubwezera Rejoice kusukulu. Ya Okutobala inabwera mochedwa ndi mlungu. Koma ndalama inali itagwa mphamvu kuyambira chaka chapitacho, ndipo K200,000 imene kale ikanagula matumba angapo a chimanga ndi malata, tsopano inkangosungunuka m'manja. Ya Novembala sinabwere.

Anawerenga masiku khumi ndi anayi n'kubwerera kukhoti. Chilolezo cholanda katundu chinatuluka mu Febuluwale. Masherifu, anthu a khoti olanda katundu, atafika kuloji, anapeza kuti mabedi, mafiriji, jenereta ndi mipando, zonse zinalembedwa kale m'dzina la kampani yatsopano. M'dzina la kampani yakale munatsala thirakitala yakufa imene inakhala m'tchire zaka zisanu, matayala ataphwa. Anaigulitsa kwa ogula zitsulo. Atachotsa zolipira masherifu ndi galimoto yokokera, a Perpetua analandira K180,000.

A Modester anawauza kuti njira ikadalipo yotsata mwini wakeyo payekha, chifukwa kudula ndalama za antchito osazitumiza ndi mlandu, komanso kusamutsa katundu pothawa ngongole ndi chinthu chimene khoti likhoza kuchikana. Koma pafunika loya, ndi maulendo a ku Blantyre. A Perpetua analembetsa dzina lawo kwa maloya othandiza osauka, ndipo fayilo yawo ili kumeneko. Amapitako Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse kukafunsa.

Rejoice analemba mayeso a Fomu 4 mochedwa ndi chaka, ndipo anakhoza. Ndalama yopitira patsogolo palibe, choncho akugulitsa mayunitsi ndi zitumbuwa pafupi ndi depoti. Manda a a Yakobo ku Thondwe alibe chiliza. A Perpetua akukhalabe ku Zakazaka, ndipo amakwera phiri katatu pamlungu, chifukwa khosi ndi bondo sizilolanso tsiku lililonse.

Mwezi wathawu anakumana ndi a Zuleka panjira ya m'mapaini. A Perpetua anali atatula mtolo pamwala kuti apume, a Zuleka akutsika poweruka. Anapatsana moni, anafunsana za ana. Kenako a Zuleka anayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa kapepala ka malipiro m'chitenje.

"Achemwali, akudulabe. Kampani yatsopanoyi. Kodi munthu amadziwa bwanji ngati zikufika?"

"Mupite ku Blantyre ndi chitupa chanu. Mukangotchula nambala, akuuzani pomwepo. Thiransipoti ikavuta, ndikupatsani Rejoice awaimbire foni m'malo mwanu."

A Zuleka anapinda kapepalako kanayi n'kukabwezera m'chitenje.

"Zanditsalira zaka ziwiri kuti ndipume," anatero. "Ndikakapeza kuti kulibe, ndidzatani?"

A Perpetua anakonza nkhata, ndipo a Zuleka anagwira mbali ina ya mtolo n'kuwasenzetsa. Anatsika limodzi mpaka pa msewu wa tala, pamene njira zawo zimasiyana.